Dzina la Irini pa Chimkuzamawu

Kunyumba kwa a Morcos, ku Shubra mumzinda wa Cairo, kunalibe chuma chodzitama nacho, koma kunali mbiri yabwino. A Morcos anasoka nsapato mumsewu umodzimodziwo zaka makumi atatu, ndipo panalibe anawaonapo akudzandira. Mwana wawo Fady anakulira m'kwaya ya kutchalitchi, ntchito anaipeza m'sitolo ya mankhwala, kenako anakafunsira Irini, mtsikana amene anamukonda kuyambira ali kusukulu.

Bambo a Irini anali atamwalira, choncho mawu omaliza anali kwa amalume ake, a Sobhy a mumzinda wa Minya, amene Fady anali asanaonanepo nawo. Iwowa anatumiza uthenga woti abwera kudzafunsa za mnyamatayo kwa anthu omudziwa, ndipo akakhutira ayankha.

"Masabata ano udzisunge, mwanawe," anatero mayi ake a Fady. "Ofunsa mbiri safunsa iwe. Amafunsa wogulitsa buledi, amafunsa anzako."

"Ndipo za Wagdy uja uchepetse," anawonjezera a Morcos. "Ndamuona mmene amasekera iwe ukalakwitsa."

"Bambo, Wagdy ali ngati m'bale wanga. Simumudziwa."

Wagdy anali wogulitsa mafoni, mnyamata wa pakamwa potsekemera. Ndiye anamulawitsa Fady mowa chaka chapitacho. Botolo limodzi la Lachinayi madzulo linasanduka atatu, ndipo Fady anaphunzira kutafuna chingamu pokwera masitepe a kwawo. Ankaganiza kuti ndi wochenjera zedi.

Lachisanu masana foni ya Fady inalira. Anali Wagdy.

"Akamwini! Mukangokwatira basi, mwatha, muzingomwa tiyi pakhonde. Tiyeni tikadye nkhunda zowotcha m'boti lija la pamtsinje. Lero kukuimba Essam."

"Lero ndi Lachisanu, aise. Timasala nyama."

"Ansembe akakhala m'botimo? Usanditopetse, vala."

Fady anawauza mayi ake kuti mnzake wa kuntchito wadwala, akukamugwirira. Mayiwo anamukulungira buledi ndi nyemba kuti asagwire ntchito ndi njala. Phukusilo analisiya pampando wa minibasi.

M'botimo munali modzaza, mabanja chakumbuyo, anyamata kufupi ndi oimba. Ng'oma zinkagunda mpaka matambula kunjenjemera patebulo. Nkhunda zinabwera, mabotolo anatsatira, ndipo Wagdy ankangothira. Dzuwa lisanalowe n'komwe, Fady anali ataimirira kuti avine. Wagdy anamumanga nsalu ya patebulo m'chiuno n'kumukankhira pakati, anthu akuwomba m'manja.

Kumalo otere, ukatumiza kapepala ndi ndalama kwa woimba, amadula nyimbo n'kupereka moni kwa amene walembedwayo. Fady anaona Wagdy akulemba, ndipo mtima wake unakoma kuti mnzake akumulemekeza.

Essam anakweza dzanja, ng'oma zinaleka.

"Moni kwa mkwati wathu! Fady, mwana wa Morcos wosoka nsapato ku Shubra! Ndipo moni kwa mkwatibwi wake, Irini! Irini wokongola! Tonse tinene, ndani?"

"Irini!" anakuwa amuna oledzera, ena akuimba mluzu.

Fady anakweza botolo m'mwamba n'kukuwa kuposa onse.

Pakona panali bambo wina wa mkanjo wotuwa amene patebulo pake panali tiyi yekha. Ananyamuka, nadzaima pamaso pa Fady.

"Ndiwe Fady?"

"Ndine ndithu, akulu! Khalani, tikugulireni kamodzi."

"Ine ndine Sobhy. Mwana wa mlongo wanga ndakhala ndikumusamalira kuchokera tsiku lomwe bambo ake anaikidwa. Dzina lake silinatchulidwepo pamalo a mowa. Lero walipereka kwa zidakwa kuti ziziliimbira mluzu."

Mowa unamuthera Fady pomwepo. Anayesa kumasula nsalu ija m'chiuno, koma mfundo inakana. A Sobhy anatembenukira kwa Wagdy.

"Zikomo, mwana wanga. Unanena zoona kuti ndikabwera ndidzionera ndekha."

Atatuluka, Fady anayang'ana mnzakeyo. Wagdy ankakukuta fupa la nkhunda, osatekeseka.

"Iwe? Ndiwe unawaitana?"

"Anandifunsa za iwe. Ndikananama kwa munthu wamkulu?"

"Koma timamwera limodzi!"

"Limodzi? Tayang'ana."

Fady anayang'ana. Mabotolo onse anali mbali yake. Mbali ya Wagdy kunali botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Chinamupweteka kwambiri si manyazi ayi, koma kukumbukira kuti munthuyu ankadya kwawo, mayi ake akumutcha mwana wawo.

M'mawa mwake yankho linafika ku Shubra, lalifupi. Irini sanayankhenso foni. Kutchalitchi atsogoleri a kwaya anamupempha Fady kuti ayambe wapuma, ndipo makasitomala a a Morcos anayamba kulankhula motsitsa mawu akalowa m'shopu. Patapita miyezi iwiri, Fady anaona ndi maso ake Wagdy ndi bambo a Wagdyyo akukwera masitepe a kwa Irini atanyamula bokosi la maswiti, kukafunsira ukwati. A Sobhy anali atamukonda mnyamata wonena zoona uja.

Fady anathamangira kushopu akulira ngati mwana.

"Bambo, wandigulitsa! Zonse zija anakonza dala kuti amutenge!"

A Morcos sanakweze mutu pansapato yomwe ankasoka.

"Kapepala analemba ndi Wagdy, inde. Botolo anakukwezera ndani? Mayi ako anasiya kupuma n'kukukonzera kamba wa ntchito yomwe kunalibe, mpaka anandiuza kuti mwana wathu ndi wakhama. Wopusitsidwa m'nyumba muno si iwe wekha. Kawapepese, akadali kukhitchini."

Fady anapita. Mowa anausiya kuchokera tsiku limenelo, ndipo makolo ake anamukhululukira. Koma Irini anakwatiwa ndi Wagdy, ndipo paukwatiwo kwaya inaimba popanda iye.

Achinyamata, mnzanu amene amakukokerani ku zoipa si kuti nthawi zonse amafuna muzisangalala naye. Wina amafuna muoneke mutagwa, iye ali chiimire. Sangakugwetseni ngati inu simunavomere kupita naye. Makolo akakuchenjezani za munthu, imvani lero, chifukwa kulapa kudzakubwezerani mtendere, koma si zonse zomwe mwataya zidzabwerere.