Ng'ombe Zopanda Kapamba

Madzulo amenewo dokotala wa ziweto anali kuseri kwa kanyumba kake koyezeramo, akutsuka mipeni ndi timabotolo m'beseni. Ntchito ya mayiyu inali yong'amba ziweto zakufa kuti adziwe chimene chazipha, ndi kuletsa anthu kudya nyama yoopsa. Anthu sankamukonda kwenikweni, nanga wokulanda nyama pakamwa ungamuyamike? Akutsuka choncho, mphepo inabweretsa fungo la magazi ovunda, ndipo agalu onse a m'mudzimo anangoti zii nthawi imodzi.

Posakhalitsa mayi wogulitsa mkaka anatulukira ali wefuwefu.

"Adokotala, ina yagwanso!"

"Ya ndani?"

"Yanga, ya bere ija. Masana imadya bwinobwino."

"Musaikhudze. Ndikubwera."

Dokotala ankaganiza kuti akudziwa chimene akapeze. Ng'ombe zonse zimene zinafa chaka chimenecho zinalibe bala pachikopa, ngakhale la munga, koma akatsegula mimba, kapamba palibe. Mitsempha yake inkapezeka yoduka ngati yokukutidwa ndi mano. Ankaunika magazi ndi tizidutswa ta chiwindi pa makina oonera tizilombo mpaka maso kuwawa, osapeza kanthu. Anzake a ntchito a kutauni ankangomuuza kuti akapume.

Kupuma kwake kuti? Mwana wake mmodzi yekhayo, kamtsikana koseka ndi aliyense, anagona ali bwino, kudzuka akulira m'mimba, n'kumwalira dzuwa lisanalowe. Kuchipatala atamuunika anayang'anana, kenako anauza mayi ake monong'ona kuti mwanayo analibe kapamba. Kuchokera tsikulo dokotala sanagwetsenso msozi. Ankangofuna chimodzi: kumuona ndi maso amene anadya mwana wake, ndipo amuone akuvutika.

M'mudzi mphekesera zinali mbwee. Ena ankati usiku amamva ziboda zikuyenda padenga. Ena ankati kumaenje okwiriramo ng'ombe kumamveka kutafuna, ndipo kukacha dothi limapezeka lofukulidwa. Ambiri ankaloza dokotala yemweyo: mayi wanji wosunga ziwindi m'mabotolo? Womuikira kumbuyo anali mlamu wake yekha, mkulu wa malemu mwamuna wake, bambo wofatsa amene ankamukumbira maenjewo osadandaula.

Atafika kukhola, dokotala anaima chilili. Ng'ombeyi inali yosiyana ndi zina zija. Inali itatupa, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno. Anatengako kadontho kukhutu n'kukaunika, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona tizilombo, tambirimbiri, tooneka ngati timitengo. Iyi siinaphedwe ndi mfiti. Inali nthenda yeniyeni, yopha ng'ombe ndi woidya yemwe. Lamulo la ntchito yake linali lodziwika: nyama yotere sang'amba, amaiotcha nthawi yomweyo.

Dokotala anayang'ana chigubu cha parafini, n'kuchibweza pakona. Mfiti yanjala siifunsa chimene chapha ng'ombe.

Anali ndi utoto wobiriwira umene ankathira pa nyama yoletsedwa kuti isagulitsidwe, utoto wosachoka ndi sopo. Ulendo uno sanauthire kunja. Anaubaya m'kati mwa mimba ndi jakisoni wamkulu, popanda womuona. Kenako anaitana mlamu wake uja.

"Alamu, dzenje lisakuye, kwada kale. Tiotcha mawa."

"Mwaganiza bwino, alamu."

Pamwamba anaunjikapo minga chifukwa cha agalu, n'kuuza mayi wa mkaka kuti atsekere ana m'nyumba.

"Adokotala, kodi afitiwo abwera?"

"Tsekani chitseko, mayi. Mukamva chilichonse musasuzumire."

Kutacha anapeza minga itakankhidwira pambali, mimba ya ng'ombe ili pululu. Anathira parafini n'kuotcha zotsalazo mpaka phulusa, kenako anakakhala m'kanyumba kake. Sanafunse munthu. Ankangotsuka mipeni yotsukatsuka kale.

Sipanapite masiku ambiri, m'mawa wina anamva kukwawa pakhonde. Atatsegula anapeza mlamu wake ali chogwada, khosi litatupa kufanana ndi mutu, thukuta lili kamukamu. Bamboyo anabisa pakamwa ndi dzanja, koma mpweya unkamuvuta, ndipo atayasamula, lilime ndi nkhama zonse zinali zobiriwira.

Munthu uyu ndi amene ananyamula bokosi la mwana wake. Kenako dokotala anasangalala, chisangalalo choipa chimene sanachite nacho manyazi.

"Alamu, ndithandizeni."

"Pitani kuchipatala."

"Ndi lilime ili? Anthu andigenda panjira. Inu muli ndi jakisoni."

Analidi naye. Mankhwala a nthendayo anali m'kabati kumbuyo kwake, pofikira dzanja.

"Ndiuzeni kaye. Mwana wanga ankakoma?"

Mlamuyo anaweramitsa mutu. "Inali nthawi yanga yopereka. Anzanga anandikakamiza."

"Anali mwana wa mng'ono wanu."

"Ndalakwa, alamu. Ndibayeni."

Dokotala anatembenuka, natseka kabati ndi kiyi, kiyiyo n'kuponya m'thumba. Anakoka mpando n'kukhala pakhomo, manja ali pamiyendo.

"Ntchito yanga imayamba nyama ikafa, alamu. Musafulumire. Ndikudikirani."