Adani Amene Anasiya Kuphonya

Chinthu choyamba chimene Changu anaona chinali chaching'ono ndithu: mdani wa pakhomo la nyumba yosungiramo katundu sanaphonye.

Mdani ameneyu ntchito yake inali kuphonya. Gemu imene kampani yawo yaing'onoyo inkapanga inali yankhondo, ya mtundu uja wosewera saona nkhope yake koma manja ndi mfuti basi, ngati kuti maso ndi ake. Inali ndi milingo itatu: Wofewa, Wapakati ndi Wowawa. Pa Wofewa, chipolopolo choyamba cha mdani aliyense chinkadutsa pambali n'kukamenya khoma, kuti wosewera adziwe kumene imfa ikuchokera. Adani ankaukira awiriawiri, otsalawo n'kumangozungulira kumbuyo ngati ataya makiyi. Asanaponye bomba ankayamba akuwa. Zonsezi anazikonza yekha Changu, mtsikana amene anzake anam'patsa dzinali chifukwa cha liwiro la zala zake. Koma m'mawa umenewo atangosuzumira pakhomo paja, sikirini inafiira, munthu wake n'kugwa chagada.

Atatsegula manambala olamulira adani anapeza kuti asinthidwa. Anawabwezeretsa, n'kuganiza kuti mwina analakwitsa yekha dzulo lake chifukwa cha kutopa.

Mpando umene ankakhalawo unali wa alamu ake, amuna a achemwali ake, amene aliyense mu ofesimo ankawatchula kuti a Kapitawo. Iwowo ndi amene anapanga nkhondo yonse ya gemuyo, ndipo ndi amene anamulowetsa Changu ntchito. Za mlingo wofewa ankakana kwamtuwagalu. "Mukufuna adani kapena zidole zoopsezera mbalame?" ankatero. Kenako tsiku lina anagwa m'bafa. Sitiroko inawaumitsa mbali yonse yakumanzere n'kuwalanda mawu. Abwana anadikira pang'ono mwaulemu, kenako anauza Changu kuti ogulitsa gemu sangailandire popanda mlingo wa anthu wamba. Changu anaupanga. Kuyambira pamenepo, kunyumba kwa achemwali ake ankapitako mwa apo ndi apo, chifukwa maso a wodwalayo ankamutsatira paliponse m'chipindamo.

M'mawa wotsatira zinthu zinali zitaipiraipira. Adani anali atasiya kukuwa. Changu anavala mahedifoni n'kulowa m'nyumba ya katundu ija, ndipo munali zii. Kunkangomveka madzi akudontha penapake mumdima, ndi nsapato, phazi limodzi, kenako linzake, za munthu amene sakufulumira chifukwa akudziwa kuti uthera pomwepo. Adaniwo sankabweranso awiriawiri. Ankabwera mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, n'kuima kuseri kwa chitseko, kudikira. Changu, amene ankadziwa mdani aliyense ngati mwana womubereka yekha, anapezeka kuti wagwira mpweya.

Anakodola mnzake wokonza phokoso la gemuyo, amene ankamutchula kuti Wamakutu.

"Wachotsa ndiwe mawu a adani?"

"Ine ndichotse mawu amene ndinasasa nawo pakhosi pojambula? Taona kaye dzina. Kompyuta imasonyeza amene wagwira."

Anayang'ana limodzi. Zosinthazo zinachitika usiku, ndipo dzina limene linali pamenepo linali la a Kapitawo.

Wamakutu anaseka, koma kusekako kunathera panjira. "Si aja sangathe n'kugwira supuni?" ananong'ona.

Nkhani inafalikira m'nyumba yonseyo dzuwa lisanapendeke. Mayi wosesa anati masiku amenewo mpando wa a Kapitawo ankaupeza wofunda m'mawa, ngati munthu wangonyamukapo. Mlonda anati iye ankamva mfuti zikulira chapansipansi kuchipinda chapamwamba magetsi ali ozimitsa, koma sanakwereko chifukwa malipiro ake ndi a pageti. Ena ankati munthu amene wagona osayankhula thupi lokha ndi limene limagona, mwini wake amayenda. Ankati akulondola mpando wake.

Changu anaimbira achemwali ake. Foni inaitana nthawi yaitali.

"Ali bwanji alamu?"

"Ali chimodzimodzi," anayankha ndi mawu osasa, a munthu wosagona. "Unali ndi mawu?"

"Ayi, ndimangofuna kumva."

"Chabwino." Foni inaduka.

Abwana sanafune zomva za mizimu. Anatseka dzina la a Kapitawo kuti lisalowenso, n'kukumbutsa onse kuti oyesa gemu ochokera kwa ogulitsa akubwera kumapeto kwa sabata, ndipo akakana, aliyense akafune kwina kolowera. Changu anabwezeretsanso zonse, anapita kunyumba, koma tulo sanatione bwino. Khoma likangoti thethe, ankamva ngati ndi nsapato zija.

Kutacha anapeza kuti pa Wofewa kiyibodi yafa. Anadina mabatani oyendera, munthu wake osasuntha. Pa Wapakati ndi pa Wowawa zonse zinali bwino. Atagwira mausi yokha, munthuyo anayamba kuyenda, kutembenuka, kubisala, zonse ndi dzanja limodzi. Ndipo dzina la wosintha tsopano linali lake, la Changu.

Abwana anamuitanira mu ofesi yawo n'kutseka chitseko.

"Ngati mpando wakukulira, nena. Ngati ukuchita izi pomvera chisoni alamu ako, nenanso. Koma usatisandutse zitsiru."

"Bwana, si ine."

"Ndiye ndani? Ine?"

Madzulo amenewo anthu ataweruka, Changu anapempha Wamakutu kuti atsale naye. Anazimitsa magetsi onse n'kusiya sikirini imodzi, manambala a adani ali poyera. Mdima unadzaza chipindacho kuyambira m'makona. Mipando yopanda anthu inkaoneka ngati anthu owerama. Firiji ya kukhitchini inkati ikalira n'kusiya, ndipo ikasiya ankamva mapaipi akutafuna m'khoma. Kunja magalimoto anachepa mpaka kutheratu. Wamakutu anayesa nthabwala ziwiri, zonse zinagwa pansi, ndiye anangoyamba kuluma chivindikiro cha cholembera.

Kenako nambala ina inafufutika yokha.

Changu manja ake anali pamiyendo. Pamalo pa nambala ija panabwera ina, osati mwachangu ngati mmene amalembera munthu wa ntchitoyi, koma movutikira, chilembo chimodzi, kudikira, kenako china, ngati wolembayo akuchita kufunafuna batani lililonse. Analakwitsa, anafufuta, analembanso. Pamwamba pa sikirini dzina la Changu linkaphethira.

Wamakutu anakankhira mpando wake kutali pang'ono ndi iye. "Iwe," ananong'ona, "ukutsimikiza kuti uli muno wensewe?"

Koma Changu ankayang'ana kalembedweko. Kufufuza mabatani kotereku anali atakuonapo. Ndipo anakumbukira kuti masiku oyamba a matenda aja, akugonera kwa achemwali ake kuthandiza kudwazika, ankagwira ntchito pa laputopu yakale ya alamu ake, ndipo dzina lake sanalichotsemo.

"Tenga makiyi a galimoto," anatero.

Atafika kwa achemwali ake a Changu, nyumba yonse inali mumdima kupatula kuwala kobiriwira kumene kunkatuluka m'mphepete mwa katani ya kuchipinda. Wamakutu anazimitsa injini n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Ine ndilondera galimoto. Amaba matayala kuno."

Changu anazungulira kukhomo la kukhitchini, limene loko wake ankamudziwa kuti amafuna kukweza chitseko pang'ono. M'kati munkanunkha mankhwala opaka ndi zovala zosauma bwino. Anadutsa pafupi ndi makina osokera a achemwali ake, amene ntchito yawo inali yautelala, nsalu ya kasitomala ili chilendewerere pansi pa singano. Anayenda chogwira khoma. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsekuka pang'ono.

A Kapitawo anali atatsamira mapilo, nkhope yopendekeka, maso ali pa laputopu imene inali pamiyendo pa akazi awo. Achemwali ake a Changu anali atawerama, khutu lawo lili pafupi ndi pakamwa pa wodwalayo. Anakhala choncho nthawi ndithu, akugwedeza mutu ngati munthu womvera malangizo. Kenako anaweramuka n'kuyamba kufufuza mabatani ndi chala chimodzi. Changu anayang'anitsitsa milomo ya alamu ake. Sinagwedezeke ngakhale kamodzi.

"Akuti ulowe," anatero achemwali akewo osatembenuka. "Waima pamphepo."

Changu analowa.

"Achemwali, mukuchita chiyani? Ntchito yanga itha ndi zimenezi."

"Ine ndikungolemba zimene akundiuza."

"Adokotala anati mawu anapita."

"Adokotala sagona muno." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anali ataonda, m'maso muli gwaa. "Masana sayankhula. Kukada ndiye amayamba, ndipo sasiya mpaka ndilembe. Ukuganiza kuti ine ndikudziwa kuti zinthuzi n'chiyani? Ine ndimadziwa tepi ndi sizasi."

Anaweramanso, kumvetsera, n'kuweramuka.

"Akuti mdani wophonya dala amanyoza munthu. Akuti wofooka safuna kunamizidwa, amafuna nthawi. Um'patse nthawi yoti aone, aganize, atembenuke, koma mantha usamulande, chifukwa ukamulanda mantha wamulanda gemu yonse. Akuti iweyo unapangira anthu amene umawayesa ana. Iwo akupangira munthu wa dzanja limodzi."

Changu anayang'ana dzanja lamanja la alamu ake. Linali pa thabwa lodulirapo masamba limene analiika pabulangete, mausi ili pansi pa zala zonjenjemera.

Anagwada pambali pa bedi n'kuika khutu lake pomwe panali la achemwali ake. Anamva mpweya wofunda, wolowa movutikira, wotuluka ndi kaphokoso kapakhosi. Anadikira. Munalibe mawu, ngakhale chinong'ono. Anaganiza kuti mwina achemwali ake, atamva mwamuna akulongolola za adani ndi zipolopolo patebulo zaka zonsezi, chisoni chawasokoneza mutu ndipo akudzinong'oneza okha. Koma manambala aja? Anali olondola, ogwirizana ngati mano a zipi, ena a iwo m'malo amene ngakhale Changu sankawagwira.

"Dzanja lawo silinafike pogwira bwino," anatero achemwali ake. "Akuti uyese ndiwe. Lamanzerelo uliike kumbuyo."

Changu anakhala m'mphepete mwa bedi, anasendeza thabwa lija, n'kupinda dzanja lamanzere kumsana. Nyumba ya katundu inatseguka pa sikirini. Madzi ankadontha. Nsapato zinayamba, kutali, kumanzere. Anaona kuti nthawi ilipo: yokwanira kubwerera kuseri kwa bokosi, yokwanira kukweza mfuti ndi dzanja limodzi lomwelo. Mdani anatulukira, anaima, anamuyang'ana, n'kuyamba kukweza yake mosathamanga. Changu anawombera. Wachiwiri anamupeza akuyang'ana kwina, ndipo sanaphonye. Magazi a munthu wake anatsala pang'ono. Anakwawa, anabisala, anamvetsera. Sanaonepo gemu yawo ikuopsa chonchi, ndipo sanaonepo ikuchita chilungamo chonchi. Pofika pakhomo lotulukira, malaya anali atamatirira kumsana, ndipo anali atadziwa kale kuti sabwezeretsanso kanthu. Oyesa aja adzasewera zimenezi, abwana afune asafune.

Anapumira m'mwamba n'kutembenuka kuti awauze achemwali ake. Anawapeza atagona pampando, mutu uli pakhoma, kukamwa kuli yasa, akuliza mkonono wapansipansi.

Kupatula mkononowo, m'chipindamo munali zii. Ndiye pafupi ndi phewa lake panamveka mawu ouma, otsika, koma omveka bwinobwino.

"Pa wachiwiri uja unachedwa kutembenuka. Yambanso."

Changu anatembenuka. Anayang'ana achemwali ake: mkonono unkapitirira. Anayang'ana alamu ake: milomo inali yotseka, yopendekeka monga mwa masiku onse, kadontho ka malovu kali pakona. Maso okha ndi amene anali pa iye, osaphethira.

M'thumba mwake foni inayamba kunjenjemera, Wamakutu akuimba ali panja. Changu sanaiyankhe. Anabwezera dzanja lamanzere kumsana, anagwira mausi, n'kuyambanso.