Tsiku Limene Nilton Sanakatenge Mankhwala

M'nyumba ya a Bonifácio ku Lifidzi munali mtendere. Iwo anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, munthu wofatsa. Vuto linali limodzi: anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene kuno timati tensau. Akazi awo, a Leonor, ankawasamala kwambiri. Mchere ankathira wongomvekera, nyama yonona anaisiya, ndipo nyemba ndi masamba sizinkasowa pa mbale. Wokatenga mankhwala kuchipatala mwezi ndi mwezi anali mwana wawo wotsiriza, Nilton, chifukwa ndiye ankatha kuyendetsa njinga yamoto.

Nilton anali mwana womvera mpaka pamene anadziwana ndi Zacarias, wogulitsa kachewere ku Domwe.

"Iwe moyo wako ndi wa kutchalitchi ndi kuchipatala basi?" anatero Zacarias akumukokera m'baraka momwe ankagulitsamo kachasu. "Takhala pansi ulaweko."

Analawa, ndipo sanalekere pomwepo.

Amayi ake anamva fungo. "Mwananga, chasintha n'chiyani? Anamwino anati abambo ako asadumphitse mankhwala. Ukasochera iwe, wawapweteka iwo."

"Ndamva, amayi," anayankha akuyang'ana pansi.

Tsiku lokatenga mankhwala litafika, Zacarias anamuimitsa panjira. "Chipatala sichithawa. Kamodzi kokha, kenako uzipita."

Pamene Nilton ankadzuka pa benchi, kuchipatala anali atatseka. Atafika kunyumba ananama kuti mankhwala atha, ndipo auzidwa kuti adikire. Mumtima ankati apita mawa, koma mawa lililonse linkathera m'baraka.

"Nilton, mutu ukundilemera kunkhongoku," abambo ake anamuuza tsiku lina. "Mankhwala aja sanabwerebe?"

"Sanabwere, bambo."

"Chabwino, mwananga. Ukuvutika nane."

Mmawa wina a Bonifácio akupalira nyemba, khasu linawapulumuka m'manja. Anagwa pamzere, pakamwa patapindika, mawu osatuluka. A Leonor anathamanga kukaitana Nilton, koma iye ndi njinga yomwe anali ku Kalomwe ndi Zacarias. Anansi anawanyamula pa ngolo ya ng'ombe, ndipo anafika kuchipatala dzuwa litapendeka.

Atamva za nkhaniyi, Nilton anafika kuchipatalako maso ali psuu. Anapeza anamwino akulankhula ndi amayi ake.

"Mtsempha wa magazi waphulika mu ubongo. Anasiyiranji kumwa mankhwala?"

"Tinamva kuti anatha," anatero a Leonor.

"Sanathepo ayi, mayi."

A Leonor anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo. Sanamukalipire. Misozi yokha ndi imene inatsika.

Nilton anagwada pambali pa bedi. "Bambo, ndinakunamizani. Sindinapite. Ndinali ku mowa."

Dzanja lamanja la a Bonifácio linali litafa. Anakweza lamanzere pang'onopang'ono n'kuliika pamutu pake. Lilime linkalemera, koma mawu anamveka: "Dzuka, mwananga."

A Bonifácio anakhala ndi moyo, koma sanayendenso okha. Nilton anasiya mowa. Lero ndiye amawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatulutsa panja kuti awothere dzuwa. Akamawapukuta malovu pachibwano, amadziwa kuti anakhululukidwa, komanso kuti dzanja lija silidzadzukanso.

Achinyamata, mowa suwononga womwa yekha, umagwetsanso amene akukudalira. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli wodwala tensau, musalole kuti mankhwala ake adumphe ngakhale akuoneka ngati ali bwino. Kulapa kumachotsa tchimo, koma sikubweza thupi limene lawonongeka.