Ukonde wa Anthu Anayi

Madzulo amenewo Beston anatereka madzi osamba kuseri kwa kachipinda kake ka malata ku Boitekong, ku Joni, monga ankachitira akaweruka kumgodi. Chodzikhulira chake chinali kachidutswa ka ukonde wakale, momwe amachitira asodzi a ku Chilwa. Atakatola pawaya, anapeza kali chinyowere, kakununkha matemba. Mvula inali isanagwe kwa miyezi isanu.

Mkuluyu anali msodzi asanatchone. Iye ndi anzake atatu, Bernard, Masauko ndi Chiletso, anatenga ngongole ya boma ngati gulu, nkugula ukonde ndi injini ya boti. Lamulo lake linali lakuti mmodzi akalephera, otsalawo abweza. Ukondewo anakautsirika kwa sing'anga, aliyense nkulavulirapo malovu kuti uziwadziwa eni ake. Nyanja itayamba kuphwa, Beston anagulitsa injini mwakabisira, nadula kachidutswa kaja, uyo pa basi ya ku Joni. Koma munthu kuuma mtima! Anzake aja analandidwa mbuzi, njinga, mpaka malata a padenga.

Foni inalira ali ndi sopo kumaso. Anali mlongo wake, Tinenenji.

"Achimwene, a Bernard apezeka atafa m'munda. M'kamwa muli madzi okhaokha."

"M'munda? Madziwo achokera kuti?"

"Anthu akuti mwawadya ndinu. Musandiimbirenso."

Beston anakataya kachidutswako kudzala. M'mawa kanali pawaya pomwe paja, katakula ngati thaulo.

Mwezi wotsatira anapita Masauko, ukonde nkufika ngati bulangeti. Kenako Chiletso. Maliro awiriwa Beston anangowamvera m'kamwa mwa machona anzake, amene tsopano ankasuntha iye akakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi. Anatumiza ndalama kumudzi kuti akabweze ngongole ija, koma ndalamazo zinabwerera osatoledwa. Anasungulumwa koopsa bambo uja, moti ankayatsa wailesi kuti angomva mawu a munthu.

Mwini nyumba, mayi Hermínia a ku Tete, anamuimitsa pa mpopi.

"Bambo Beston, fungo la nsombali latikwana. Nanga amapalasa bwato m'chipinda mwanu usiku wonse ndani?"

"Nanunso mumamva?"

"Timamva. Amuna atatu. Amati, Beston, tagwira mbali yako."

Iye ananyamula chidebe chake chikusefukira, nkukalowa m'chipinda.

Lachisanu sanapite kuntchito. Loweruka mayi Hermínia anaona madzi amatope akutuluka pansi pa chitseko chake, ofunda, muli timatemba tamoyo. Anaitana amuna a pafupi, nathyola chitseko chomwe chinali chokhoma m'kati.

Nsapato za kumgodi zinali pakhomo, wailesi ikulira. Pakati pa chipinda panali ukonde wathunthu, wokulungidwa bwinobwino monga amachitira asodzi akaweruka, ukuthakathaka pang'onopang'ono ngati wakola.

Palibe amene analimba mtima kuufunyulula.