Mesenjala wa Mwaiwathu

Dzina la Mwaiwathu linali pamasamba onse makumi anayi ndi limodzi, koma mwiniwakeyo sankadziwa kuti lafikapo bwanji.

Linali Lachinayi masana, m'chipinda cha makompyuta. Aphunzitsi a Chindikani, oyang'anira kalabu ya sayansi, anali atatsegula wiki ya kalabuyo, malo a pa intaneti pamene ana ankasonkhanitsapo ntchito yawo. Ankatsitsa masambawo pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Pansi pa tsamba lililonse panali mawu omwewomwewo: "Waika: Mwaiwathu."

"Ku mpikisano wa ku Francistown atipatsa malo amodzi basi," anatero aphunzitsiwo. "Mikangano sindikuifuna. Kompyuta ilibe m'bale wake. Wagwira ntchito kwambiri ndi uyu, ndiye apita ndi uyu."

Ana anawomba m'manja. Thelma nayenso anawomba, kawiri kokha, kenaka anatseka kope lake labuluu n'kuliika m'chikwama.

Thelma ankakhala ku Bontleng ndi azakhali ake m'chipinda cha lendi. Anabadwira ku Zimbabwe, agogo ake anali a ku Dedza, moti Chichewa chake chinkabwera ndi Chishona chomwe. Ntchito ya kalabu chaka chimenecho inali kuyeza madzi otayika pamipopi yodontha. Kwa miyezi iwiri, m'mawa uliwonse, Thelma ankatchera botolo pansi pa mpopi wa pabwalo la kwawo, n'kudikira theka la ola, n'kulemba m'kope. Akafika kusukulu ankajambula tsambalo n'kuliponya mufoda ya kalabu, yosungira mafayilo pa intaneti.

Mwaiwathu sanayezeko ngakhale dontho. Ntchito yake inali kutenga mafayilo mufodamo, imodziimodzi, n'kukawaika pa wiki. Zinamutopetsa sabata yoyamba yomwe. Ndiye anafufuza mpaka anapeza njira yolumikizira ziwirizo, n'kulemba kalamulo kakuti: fayilo yatsopano ikagwera mufoda, izipita yokha pa wiki. Kalamuloko anakatcha Mesenjala. Chiyambire tsikulo sanaikenso kanthu ndi dzanja lake.

Poweruka Mwaiwathu anamupeza Thelma pamalo odikirira kombi, minibasi ya kumeneko.

"Thelma, tandidikira."

"Makorokoto, shamwari," anatero Thelma osatembenuka, kumufunira mafuno abwino m'Chishona. "Uyende bwino. Ukawauze za mpopi wa ku Bontleng, ngati ukudziwa kumene unayang'ana."

Kombi inabwera, Thelma anakwera.

Ku Francistown Mwaiwathu ankakufuna, tisabise. Anali asanakwerepo basi yaitali popanda amayi ake. Koma funso linkamuyabwa njira yonse mpaka kwawo ku Block 9: dzinalo linalembedwa ndi ndani?

Anapeza amayi ake atangofika kuchokera kuchipatala kumene ankagwira unamwino, yunifolomu ili m'thupi, mapazi ali m'beseni.

"Amayi, ndibwerekeni foni yanu."

"Yako yafa?"

"Ndikufuna ndiyese chinachake."

"Batire likatha, tiwonana."

Mwaiwathu analola akaunti ya amayi ake kulowa mufoda ya kalabu. Anajambula chimene chinali pafupi, nsapato zoyera za kuntchito za amayi ake, chidendene chitadyeka mbali imodzi, n'kuponya chithunzicho mufoda kudzera pafoni ya amayi. Kenaka anatsegula laputopu n'kumayang'anitsitsa wiki. Mphindi isanathe nsapato zinatulukira. Pansi pake: "Waika: Mwaiwathu."

"Aaa!"

"Chaluma n'chiyani?"

Mwaiwathu anatsegula pamene analembapo kalamulo kaja n'kuwerenga mzere ndi mzere. Mzere wachitatu unamuimitsa. Kuti Mesenjala azilowa pa wiki pankafunika mawu achinsinsi a munthu, ndipo iye anapereka ake. Choncho chilichonse chimene Mesenjala ankanyamula, wiki inkaona ngati wabweretsa ndi Mwaiwathu.

Anabwerera kufoda. Kumeneko fayilo iliyonse inali ndi dzina la mwiniwake weniweni, m'tizilembo tating'ono tomwe palibe ankatiyang'ana. Anawerenga ndi chala. Thelma, makumi atatu ndi anayi. Ana ena onse pamodzi, asanu ndi limodzi. Mwaiwathu, imodzi: chithunzi cha mpando chimene anayesera nacho tsiku loyamba.

Anawafotokozera amayi ake zonse, mofulumira, theka akunyadira kuti wachigwira chinsinsi, theka mtima ukutsika.

"Koma sindinaname, amayi. Yalemba ndi kompyuta. Komanso Mesenjala ndinapanga ndine. Si ntchito imeneyo?"

"Ndi ntchito," anatero amayi, akufinya kansalu. "Kuchipatala kwathu kuli a Ackim. Amayendetsa mafayilo a odwala pakangolo, kuchokera ku wodi kupita kwa dokotala. Popanda iwo tonse tingaime. Fayilo iliyonse imadutsa m'manja mwawo. Koma unamvapo kuti a Ackim asaina kuti abaya munthu jakisoni?"

"Ayi."

"Ndiye chotsa nsapato zanga pa intanetipo, dziko lisandiseke."

"Nanga ine ndichite chiyani?"

"Ine ndaimirira maola khumi ndi awiri, mwanawe. Mutu uli nawo. Ukamaliza ubwere udzadule anyezi."

Mwaiwathu anachotsa nsapato. Anadula anyezi. Misozi inatuluka yambiri kuposa ya anyezi awiri, koma amayi anali kalikiliki ndi mphika, sanafunse.

Atadya anabwerera pa laputopu. Anawonjezera mzere wouza Mesenjala kuti aziwerenga dzina la mwini fayilo mufoda n'kulilemba pansi pa tsamba. Ulendo woyamba Mesenjala analemba manambala ataliatali osamveka. Wachiwiri anasiya popanda kanthu. Mwaiwathu anaiwala zolira, anayamba kukangana ndi laputopu ngati munthu. Ulendo wachitatu mayina anayamba kusintha, tsamba ndi tsamba, iye akuonerera: Thelma, Thelma, Thelma.

M'mawa mwake anapeza aphunzitsi a Chindikani ali ndi fomu ya mpikisano patebulo. Dzina lake linali litalembedwa kale ndi inki.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Ndimapempha mutsegulenso wiki."

Aphunzitsi anatsegula. Anatsitsa masamba mpaka pansi, anakwezanso, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Dzulo sizinali chonchi."

Mwaiwathu anawasonyeza mzere wachitatu uja, ndi tizilembo tating'ono ta mufoda.

"Ine ndimati kompyuta ilibe m'bale wake," anatero aphunzitsi.

"Ili naye, aphunzitsi. Amene anaipatsa kiyi."

"Ukudziwa kuti ukanakhala chete palibe akanadziwa?"

"Thelma akanadziwa."

Aphunzitsi anatenga rula n'kudula dzina lake ndi mzere umodzi wowongoka. Zinapweteka kuposa mmene ankaganizira. "Kandiitanire Thelma," anatero.

Thelma atamva sanalumphe, sanakumbatire munthu. Anangotulutsa kope labuluu lija n'kuligwira ndi manja awiri. Potuluka anamugunda Mwaiwathu ndi phewa.

"Iwe ndi mesenjala wako, mwandidwalitsa mutu usiku wonse," anatero Thelma.

"Pepa."

"Ke a leboga," anathokoza Thelma motsitsa m'chinenero cha kumeneko, n'kuthamangira m'kalasi.

Loweruka la mpikisano Mwaiwathu anali kuseri kwa nyumba, akuchapa mayunifolomu awiri, yake ndi ya amayi. Foni inalira kamodzi pawindo. Anapukuta manja pachitenje n'kuyang'ana. Tsamba latsopano linali litafika lokha pa wiki: Thelma ataima pafupi ndi tebulo ku Francistown, botolo lake lili m'manja, azibambo awiri a masuti atawerama kuwerenga kope labuluu. Pansi pake panalembedwa: "Waika: Thelma."

"Wapambana?" anafunsa amayi ali pakhomo.

"Sanalembe."

"Ndiye tseka mpopiwo, ukudontha."

Mwaiwathu anaupotokola mpaka dzanja linawawa. Unadonthabe. Anauyang'ana kanthawi, mutu uli pambali. Kenaka analowa m'nyumba, anatuluka ndi botolo lopanda kanthu ndi kope, n'kuyang'ana nthawi pafoni.