Masamba a Cornelius Pamsewu

Ine Kalisto sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma nzeru ndimaposa ana a ku koleji khumi atawamanga pamodzi. Kafunseni pa siteji ya kabaza pa Njuli. Umboni wake ndi Cornelius.

Cornelius ndi mwana wa konkuno, koma chipitireni ku koleji ku Blantyre anayamba kuvala mpango m'khosi ngakhale kukutentha. Anabwera ndi kamera yobwereka, eti ajambule filimu ya mayeso ake omaliza. Nkhani yake: mbava zikubisa feteleza wakuba m'bokosi la maliro, pansi pa mtembo. Eti anthu akaseke mpaka ku Joni. Mtembowo anasankha ine, poti nkhope yooneka pamudzi pano ndi yanga yokhayi.

Madzulo ake tinakumana m'nyumba yosiyidwa kuseri kwa chigayo. Bokosi linalipo, amayi atatu olira analiponso. Kenaka mkuluyu anathyola nthambi za mango n'kuyala pamsewu.

"Aise, chotsa masambawo," ndinamuuza. "Masamba pamsewu ndi kuitanira anthu ku maliro. Pano sipanafe munthu."

"Kalisto, za luso sungazimve iwe. Gona m'bokosimo."

Ndinagona, thonje m'mphuno. Amayi aja anayamba kulira uku akuseka.

Mdima utagwa, kuseka kunatha. Ngakhale agalu anangoti zii. Ndinamva mapazi. Osati a nsapato, okhwekhwereza. Ndinatsegula diso limodzi.

Pakhomo panaima mayi wamtali, atafunda chitenje chakuda mpaka kumaso. Mapazi ake matope okhaokha, chonsecho mvula inali isanagwe. Fungo la dothi lokumba kumene. Anakhala pamkeka. Amayi aja anasendera kukhoma.

"Ndaona masamba," anatero, mawu ngati akuchokera m'chitsime. "Watisiya ndani?"

Cornelius, chitsiru chophunzira, anangomwetulira kuseri kwa kamera. Iye ankayesa kuti wapeza wosewera waulere.

"Ndi Kalisto, mayi. Lirani kwambiri, mukuoneka bwino."

Mayiyo anadzuka n'kubwera pa bokosi. Anandigwira chala chakuphazi. Kuzizira kwake kunakwera mpaka m'mano.

Anthu amanama kuti ndinakuwa. Sindinakuwe ine, ndinangolankhula mokweza.

"Mayi pepani, ine ndili moyo! Onani ndikupuma! Wayala masamba ndi uyo wa mpangoyo!"

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana Cornelius.

"Ndachokera kutali," anatero. "Sindibwerera ndekha."

Nyali ya kamera inazima. Ine ndinatulukira pawindo, thonje likadali m'mphuno. Osati mantha, ndimakaitana anthu.

Kutacha anthu anamupeza Cornelius kumanda, atakhala pa mtumbira, kamera atailozetsa kumtengo. Mpango palibe. Mu filimu monse mayi uja mulibe. Mukungooneka amayi atatu atakanirira kukhoma, mapazi a matope akudzidinda okha pansi, ndi ine, ndikusewera bwino zedi.

Ku koleji sanabwerereko. Salankhula. Mayi ake, a Magret, amalawira ndi tsache, chifukwa kukacha panjira ya kunyumba kwawo pamapezeka nthambi za mango zothyola kumene. Akasesa, mawa lake zimapezeka zitasendera. Akuluakulu akunong'ona kuti maliro aja anaitanidwa kale, wangotsala mwini wake.

Dzulo nthambizo zinali pakhonde.