Kameta mu Uvuni wa Tecla

Tecla ankakhala mu komboni, mudzi wa antchito a pa pulazi ya fodya, pafupi ndi tawuni ya Norton. Anali mtsikana wa phuma. Kumjigo ankapita chothamanga. Kusukulu ankapita chothamanga. Ngakhale mbale ankatsuka ndi phuma. N'chifukwa chake mbale za kwawo zinali zopindika m'mbali.

Koma Tecla anali ndi chisoni. Bambo ake, a Simao, anali kutali. Anali ku Tengwe. Ankagwira ntchito yowotcha fodya m'mabalani. Tecla anawasowa kwambiri.

Tsiku lina Ababa anaimba foni.

"Ababa, mubwera liti?" anafunsa Tecla.

"Fodya akatha, mwanangu."

"Mukudya bwino kumeneko?"

Ababa anaseka. "Sadza, nsima yomwe ija, ndi matemba. Mawa lake, matemba ndi sadza. Koma ine ndikulakalaka pawu. Chingwa cha m'golosale sichifika pamtima."

Foni itatha, Tecla anatembenukira kwa amayi ake, a Beatriz.

"Amayi, pawu n'chiyani?"

"Ndi buledi wa ku Tete, kwawo kwa makolo athu," anayankha Amayi. "Agogo ako ankamuphika mu uvuni wadothi. Bambo ako anamudya komaliza ali mnyamata."

Tecla anadumpha. "Tiyeni timange uvuni! Ababa akamafika, apeze pawu wotentha!"

"Uvuni safuna phuma," anatero Amayi.

"Ine phuma ndilibe," anatero Tecla. Koma anali atafika kale pakhomo, khasu lili m'manja.

Loweruka anayamba ntchito. Tecla anaitana mnzake, Yeukai. Mutu umodzi susenza denga.

Anapita ku balani lakale lomwe linagwa. A folomani anawalola kutola njerwa. Anatuta njerwa. Anatutanso njerwa.

Kenako anapita pachulu. Anakumba dothi lofiira. Dothi la pachulu ndi lomata bwino. Anatuta dothi. Anatutanso dothi. Makosi anawawa.

Amayi anathira madzi pa dothi. Anathiramo mchenga. Anathiramo udzu wouma woduladula.

"Tsopano pondani," anatero Amayi.

Tecla anaponda. Yeukai anaponda. Phwatha! Phwatha! Phwatha! Matope analowa pakati pa zala. Matope anafika m'mawondo. Ena anafika ndi pamphuno pomwe.

"Maiwe!" anakuwa Yeukai. "Amai vangu andipha lero!"

Onse anaseka.

Amayi anayala njerwa kuseri kwa khitchini. Pamwamba pa njerwa anaunjika mchenga wonyowa. Mchengawo unakhala ngati kachulu. Anaufunditsa manyuzipepala akale.

"Tsopano matani," anatero Amayi.

Tecla anamata. Yeukai anamata. Anamata pansi. Anamata m'mbali. Anamata pamwamba. Amayi anasalaza ndi manja onyowa. Kenako anaboola khomo ndi mpeni.

Pamwamba anaikapo denga la lata lakale, chifukwa mvula inali isanathe.

Patapita masiku, dothi linalimba pang'ono. Tecla anapisa dzanja pakhomo. Anatulutsa mchenga wonse. M'kati munatsala kachipinda kozungulira.

"Watha!" anakuwa Tecla. "Amayi, machesi ali kuti?"

"Khudza kaye," anatero Amayi.

Tecla anakhudza. Dothi linali lozizira. Linali lakuda. Chala chinasiya kadzenje.

"Sunaume," anatero Amayi. "Ukayatsa moto lero, ung'ambika. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tecla anapinda milomo. Kudikira kunali kowawa.

M'mawa uliwonse Tecla ankakhudza uvuni. Sunaume.

Pobwera kusukulu ankakhudzanso. Sunaume.

Anaupemerera ndi chivundikiro cha poto. Sunaume.

Anauuzira ndi pakamwa mpaka chizungulire. Sunaumebe.

Tsiku lina anamva phokoso m'kati. Ko-ko-ko-kooo!

Munatuluka Kameta. Kameta inali nkhuku yaikazi ya pakhomopo. Khosi lake linalibe nthenga. Anali wosaoneka bwino, ndipo nkhuku zinzake zinkamujompha. Anali asanakhalepo ndi anapiye. Mazira ake oyamba anadyedwa ndi galu. Achiwiri anakokoloka ndi mvula.

Tecla anasuzumira mu uvuni. Munali dzira limodzi.

"Amayi! Kameta waikira mu uvuni wanga!"

Amayi anaseka. "Wapeza nyumba yosadontha. Musiye. Uvuni sunaume."

Mawa lake munali dzira lina. Kenako lina. Kenako linanso. Tsiku lina Kameta analowa osatulukanso. Anakhalira mazira ake.

Mvula inayamba kuchepa. Dzuwa linawala. Mphepo inaomba. Uvuni unasintha mtundu. Unayera.

Tecla anakhudza. Dothi silinali lozizira. Chala sichinasiye kadzenje. Anagogoda. Ngo! Ngo! Ngo!

"Wauma! Amayi, wauma!"

Tsiku lomwelo Ababa anaimba foni.

"Fodya watha, mwanangu. Ndikubwera Loweruka."

Tecla anavina. Anazungulira bwalo lonse. Kenako anaima zii.

Uvuni unali utauma. Fulawa analipo. Yisiti analipo. Nkhuni zinalipo. Koma mu uvuni munali Kameta.

Tecla anagwada pakhomo pa uvuni.

"Kameta, tuluka," anatero.

Kameta anangomuyang'ana ndi diso limodzi.

"Kameta, chonde tuluka. Ababa akubwera."

Kameta anafufumitsa nthenga. Sanasunthe.

Yeukai anafika. "Iwe shamwari, vuto lili pati? Huku ndi huku, nkhuku chabe. Ingomuthamangitsa. Mazira tikazinge!"

"Ayi," anatero Tecla. "Ndimusamutsa bwinobwino."

Anatenga dengu. Anayalamo udzu wofewa. Analiika m'khitchini. Anapisa dzanja mu uvuni. Kameta anamujompha. Tecla anapirira. Anatulutsa mazira limodzilimodzi. Anali ofunda. Anawaika mu dengu. Lero lokha Tecla sanachite phuma.

Kenako ananyamula Kameta. Anamukhazika pa mazira.

"Nyumba yako yatsopano ndi ino," anatero.

Koma Kameta anadumpha. Anathamangira ku uvuni.

Tecla anamubweza. Kameta anathamangiranso ku uvuni.

Anamubwezanso. Anathamangiranso ku uvuni.

Kameta anakhala pa njerwa zopanda kanthu. Anafufuza ndi mlomo pansi pa mapiko. Anafufuza uku. Anafufuza uko. Mazira panalibe. Analira motsitsa. Krrr. Krrr.

Tecla anabwerera ku dengu. Anakhudza mazira. Anali atayamba kuzizira.

"Amayi, mazira akazizira, chimachitika n'chiyani?"

"Anapiye amafera m'kati," anayankha Amayi.

"Nanga nditani?"

Amayi anakhala pansi pafupi naye. "Uvuni unamanga ndiwe. Mphatso ndi yako. Sankha wekha, mwanangu."

Tecla anayang'ana fulawa. Anayang'ana mazira. Anaganiza za Ababa. Anaganiza za Kameta. Mtima unamupweteka.

Kenako ananyamula dengu. Anabwezera mazira mu uvuni, limodzilimodzi. Kameta anawakokera pansi pa mapiko ake. Anakhala chete.

Tecla analira. Yeukai sanatchulenso zokazinga. Anangomugwira dzanja.

Loweruka linafika. Kombi inaima kumsewu wa tara. Ababa anatsika ndi chikwama chawo. Anayenda kanjira ka pakati pa minda. Ana a mu komboni anawathamangira.

Koma Tecla, mwini liwiro, sanathamange. Anabisala kuseri kwa uvuni. Anali ndi manyazi.

"Takulandirani, Baba Tecla," anatero Amayi.

"Zikomo, Mai Tecla. Nanga mwana wanga ali kuti?"

Amayi analoza ndi maso kuseri kwa khitchini.

Ababa anapita komweko. Anapeza Tecla atanyonyomala. Misozi inali mbwembwembwe.

"Tecla, walira chiyani?"

"Ababa, pawu palibe. Ndimafuna mupeze pawu wotentha. Ndinamanga uvuni. Ndinadikira. Unauma. Koma Kameta ali momwemo. Ndinalephera kumuthamangitsa."

Ababa anaika chikwama pansi. Anayang'ana uvuni. Anauzungulira. Anausisita. Anaugogoda. Ngo! Ngo! Ngo!

"Uvuni uwu wamanga ndiwe?"

"Ine ndi Amayi ndi Yeukai."

"Ndi timanja iti?"

Tecla anagwedeza mutu.

Ababa anamunyamula. Anamukumbatira. Malaya awo ankanunkhira fodya ndi utsi.

"Wachita bwino, mwanangu," anatero. "Pawu ndamudikira zaka zambiri. Ndikhoza kudikira pang'ono. Koma dzira likazizira, lazizira."

Kenako anatchera khutu. "Shhh. Tamvera."

Tecla anamvetsera.

Piyo.

Anamvetseranso.

Piyo. Piyo. Piyo.

Onse awiri anagwada. Anasuzumira. Pansi pa phiko la Kameta panatuluka kamutu. Kenako kena. Kamodzi kanali ndi khosi lopanda nthenga.

"Aka ndiye sitingafunse kuti ndi ka ndani," anatero Ababa.

Tecla anaseka, misozi isanaume.

Lamulungu, pobwera kutchalitchi, anapeza Kameta ali pabwalo. Ankayenda monyada. Anapiye ankamutsata pambuyo. Palibe nkhuku inayerekeza kumujompha.

Mu uvuni munatsala zikamba za mazira zokhazokha. Tecla anasesa. Anasesanso. Amayi anapukuta njerwa ndi nsanza yonyowa.

"Tsopano machesi!" anatero Tecla. Anali atanyamula mtolo wonse wa nkhuni.

"Pang'onopang'ono," anatero Ababa. "Uvuni watsopano uli ngati fodya m'balani. Umayamba ndi moto waung'ono."

Anayatsa tinkhuni tochepa. Utsi unatuluka. Uvuni unafunda. Anausiya uzizire.

Mawa lake anayatsa moto wokulirapo. Panaoneka kamng'alu kakang'ono. Tecla anaopa.

"Usaope," anatero Amayi. Anamatapo dothi ndi chala. Kamng'alu kanatsekeka.

Kenako linafika tsiku la moto waukulu. Moto unalirima. M'kati mwa uvuni munayera ndi kutentha.

Amayi anasakaniza fulawa, yisiti, mchere ndi madzi. Tecla anakanda. Yeukai anakanda. Anavundikira ndi nsalu. Anadikira kuti afufume. Anaumba timibulu. Amayi anacheka kamzere pamwamba pa kalikonse.

Ababa anakokera makala panja. Amayi analowetsa timibulu. Anatseka khomo ndi lata.

Tecla anakhala pansi. Anadikira.

Fungo linatuluka. Linadutsa mpanda. Linafika mpaka kumjigo. Anthu anayamba kudutsa pakhomopo ngati ali ndi kopita.

"Maswera sei, Mai Tecla? Kwanunkhira bwanji kuno!" ankatero odutsawo.

Amayi anatsegula uvuni. Pawu anali atapsa. Anali wofiirira.

Tecla anasankha wamkulu. Anamuika pa mbale. Anagwada pamaso pa Ababa. Anapereka ndi manja awiri.

Ababa ananyema. Nthunzi inatuluka. Analuma. Anatafuna pang'onopang'ono.

Tecla anada nkhawa. Anatembenuza chidutswa chotsala. Pansi pake panali pakuda.

"Ababa, wapserera. Pepani."

Ababa anapukusa mutu. Maso awo anali atadzaza misozi.

"Wa agogo ako ankapsereranso chonchi," anatero. "Pansi pomwepa. Ine ndinkalimbirana mbali imeneyi."

Ananyema mbali yopsererayo. Theka anadya okha. Theka anapatsa Tecla.

Tecla analuma. Anali wokhukhuta kunja. Anali wofewa m'kati. Anali wokoma.

Ababa anamukokera pafupi. Anamukhazika pamwendo.

"Tsopano ndafika kwathu," anatero Ababa. Kenako anakweza mbale. "Kodi alipo wina?"